Za makina a Mzime

Mzime: Odi kuno akuluakulu. Pepani ndakutsegulirani gulu lina, lija lakale ladzaza zithunzi za ana ndiye nkhaniyi ikanasowa. Ndikufuna kusiya kusokera pabalaza ndi makina anga amodzi aja, nditsegule malo osokera enieni. Pepala la ziwerengero ndatumiza kwa aliyense payekha. Ndithandizeni nzeru za komwe ndingapeze mpamba.

Achimwene: Taliona pepalalo. Kuti tisamavutike ndi maziro, ndalama zonse zofunika tizingozitcha 100. Mmene ndawerengera, makina awiri amagetsi akutenga 40, a ovaloko (osokera m'mphepete mwa nsalu) 15, lendi ya miyezi itatu 15, nsalu ndi ulusi 20, zogwa mwadzidzidzi 10. Iweyo m'manja uli ndi zingati?

Mzime: 30 achimwene. Ndasunga zaka ziwiri.

Amalume: Wachita bwino mwana wanga. Munthu wobwera ndi kake m'manja savuta kumuthandiza. Tikusaka 70 basi.

Azakhali: Nanga osangopita kubanki bwanji? Mapepala a nyumba ya mayi ako alipo, akhale chikole, ndalama ituluke yonse kamodzi. Bizinesi yoyamba mwaumphawi imafa msanga.

Amayi: Azakhali, nyumbayo muitchule lero lokha. Ndi momwe ndikugonamo.

Azakhali: Ndimangopereka ganizo ine.

Alamu: Ndilowererepo, poti kuwerengera ndalama ndiye ntchito yanga. Banki imafuna kuona mbiri ya bizinesi, mmene ndalama zakhala zikulowera ndi kutulukira mu akaunti kwa miyezi ingapo. Mzime alibe zimenezo chifukwa ankalandira pamanja. Mbiri ikasowa amatsamira pa chikole. Vuto lenileni ndi loti kubweza kumayamba pa tsiku lomwe munagwirizana, kaya makasitomala abwera kaya ayi. Malo atsopano miyezi yoyambirira amadya ndalama, sabereka. Akangophonya kangapo, amene atuluke m'nyumba ndi amayi, omwe sanagwireko n'komwe ndalamayo.

Alamu: Komanso aliyense wobwereka azifunsa kuti chiwongoladzanja akuchiwerengera pa ndalama yonse yoyamba ija mpaka kumapeto, kapena pa yotsala ukamabweza. Onse awiri angakuuzeni kuti 20 pa 100 iliyonse, koma woyambayo pa chaka mumulipira chiwongoladzanja pafupifupi kawiri kuposa winayo.

Amalume: Nkhani ya nyumba yatsekedwa. Tipite kwina.

Msuweni: Pali ngongole za pafoni zija. Mphindi zisanu ndalama yalowa, palibe chikole.

Alamu: Amatenga zingati?

Msuweni: Tiyerekeze 10 pa 100 pamwezi.

Alamu: Ndiye kuti 120 pa chaka. Ukamalephera kubweza n'kumaunjikira chiwongoladzanja pa ngongoleyo, 100 ija pakutha pa miyezi 12 yafika 314. Makina osokera oti angathamange liwiro limenelo sindinawaone.

Amalume: Ameneyo ndi katapila wovala tayi.

Mzime: Ine ndili kale mu banki mkhonde. Malamulo athu amalola kubwereka mpaka katatu kuposa zomwe wasunga.

Achemwali: Koma kubweza kwake ndi miyezi itatu, eti? Imeneyo isunge, idzakuthandiza oda yaikulu ikabwera ukufuna nsalu mwachangu, chifukwa ndalamayo imabwerera ukangopereka zovala. Kugulira makina ayi. Makina amadzibweza okha pa zaka, ndiye sungawagule ndi ngongole ya miyezi itatu.

Msuweni: Chabwino, nanga za paintaneti? Pa Kickstarter anthu amasonkherana, akhala akutero kuyambira 2009. Palinso Kiva, yayamba 2005, munthu wa dziko lina amatha kukubwereka kuyambira madola 25 ndipo iye salandirapo chiwongoladzanja.

Achemwali: Ndinazifufuzapo zimenezo. Kickstarter ukalephera kufika pa ndalama yomwe unalengeza sulandira kalikonse, osonkhawo satapidwa ndalama. Salolanso anthu a mayiko onse kutsegula pempho, ndipo osonkha amafuna chinthu chachilendo choti adzatumiziridwe. Kusoka mayunifolomu sikungawakoke. Kiva nthawi zambiri imadzera m'mabungwe obwereketsa ndalama a m'dziko lomwelo, ndipo iwowo chiwongoladzanja amatenga.

Msuweni: Tony Elumelu Foundation nayo? Kuyambira 2015 amapereka madola 5,000 kwa oyamba bizinesi a mu Africa, osabweza, ndi maphunziro pamwamba. Kulembetsa kumatsegulidwa pa 1 January.

Achemwali: Iyo ndi yeniyeni, ndipo Mzime adzalembe, kulemba kwake n'kwaulere. Wina akadzakuuzani kuti mulipire kuti dzina lanu lidutse ndi wakuba. Kungoti zaka zina opempha amaposa 200,000 pomwe osankhidwa amakhala masauzande ochepa chabe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisaike mu bajeti ndalama yomwe sitinaigwire.

Azakhali: Nanga anthu olemera aja amangoika ndalama m'mabizinesi a anzawo?

Alamu: Alipo azakhali, koma amagula gawo la kampani. Mwachitsanzo Y Combinator, kampani ya ku America yoika ndalama m'mabizinesi atsopano, mu 2021 inkapereka madola 125,000 n'kutenga 7 pa 100 ya kampaniyo. Amadziwa kuti zambiri zidzagwa, ndiye amasaka zomwe zingakule mowirikiza kwambiri kuti imodzi ilipirire zonse. Malo osokera a makina atatu angadyetse banja bwinobwino koma iwo sangawayang'ane.

Amalume: Ndiye tazungulira dziko lonse n'kubwerera pakhomo. Otsala ndife.

Achimwene: Tisanafike m'matumba mwathu, Mzime ndikufunse. Makina achiwiriwo adzasokera ndani?

Mzime: Ndimaganiza zolemba munthu.

Achimwene: Malipiro ake sindikuwaona pa pepala.

Mzime: Ndinawaiwala.

Achimwene: Ndiye yamba ndi amodzi atsopano, a ovaloko, ndi akale ako aja. Ntchito ikakuchulukira udzagula enawo ndi phindu, kapena udzagwirizana ndi wogulitsa kuti uzilipira pang'onopang'ono makinawo ali kale m'manja mwako. Chikole chake amakhala makina omwewo. Pamenepo 100 yatsika kufika 80.

Achemwali: Nsalu nazo. Kasitomala wa oda yaikulu azipereka theka poyamba, theka potenga. Nsalu agula yekha ndi ndalama yake. Pa 20 paja chotsapo 10.

Mzime: Ena amakana achemwali, amati aone kaye zovala.

Achemwali: Wokana kupereka theka lero ndi yemweyo adzakuzembe zovala zitatha. Umusiye.

Achimwene: Tafika pa 70. Iye ali ndi 30. Yotsala ndi 40.

Amayi: Ana inu ndimvereni pang'ono. Sindikufuna za galimoto ija zibwerenso. Tinasonkha tonse ndi mtima umodzi, koma palibe ananena kuti ndalamayo ndi yanji. Ena ankati athandiza m'bale wawo, ena ankadikira kubwezeredwa, wina ankadzitcha mwini galimoto n'kumaitanitsa makiyi. Galimoto itafa zaka ziwiri zinatha anthu osapatsana moni. Ine ndakalamba, zoyanjanitsa anthu ndatopa nazo.

Amalume: Alongo anga anena zomwe ndimafuna kunena. Aliyense wopereka anene pano, pagulu, kuti yake ndi mphatso, ngongole kapena akugula gawo. Zitatuzi sizifanana. Mphatso suidzaitchulanso ngakhale mutayambana. Ngongole imabwezedwa bizinesi iyende isayende, koma phindu likachuluka ulibe nalo kanthu. Wagawo amadya nawo phindu, ndipo zikagwa ndalama yake yapita, palibe womubwezera.

Achemwali: Mukundikumbutsa za Jeff Bezos wa Amazon. Mu 1995 makolo ake anaika madola pafupifupi 245,000 mu kampani yake, ndipo iye anawachenjezeratu kuti mwayi woti ndalamayo itayika ndi 70 pa 100.

Azakhali: Ife madola amenewo tiwaona kuti?

Achemwali: Za kuchuluka kwake zisiyeni azakhali, ine ndikunena za kuchenjezeratu kuja. Mzime, tiuze wekha, zikakanika tidzapeza chiyani?

Mzime: Makina angagulitsidwe, koma pamtengo wotsika, mwina theka. Lendi ndi nsalu sizibwerera. Ndikalephera ndibwerera pabalaza n'kumabweza ngongole ndi makina akale aja, pang'onopang'ono. Sindikulonjeza kuti zidzayenda, ndikulonjeza kuti simudzamva kwa anthu ena, mudzamva kwa ine.

Amalume: Basi. Ine 15, ngongole yopanda chiwongoladzanja. Miyezi 6 yoyamba usandipatse kanthu. Kuyambira mwezi wa 7 uzibweza mofanana kwa miyezi 12.

Alamu: Amalume mudziwe kuti mitengo ikakwera, 15 yomwe idzabwere idzagula zochepa kuposa yomwe mwapereka.

Amalume: Ndikudziwa. Kusiyanako ndiye mphatso yanga, koma 15 yeniyeniyo ndikuifuna, ndi ya ukalamba wanga.

Achemwali: Ine 5, mphatso. Ndilibe zambiri, fizi ya ana yandipanikiza.

Achimwene: Ine 15, koma ndikufuna gawo. 15 pa 70 ndi pafupifupi 21 pa 100.

Mzime: Achimwene, ndiye makina anga akale, makasitomala omwe ndawapeza zaka zonsezi, zimenezo sizikuwerengedwa?

Achimwene: Makina akalewo ukawagulitsa ungapeze zingati?

Mzime: Makasitomalawo ndi amene adzalipire lendi mwezi woyamba. Popanda iwo mukanaika ndalama yanu?

Alamu: Mzime akunena zoona. Bizinesiyi sikuyamba pa ziro. Tikati zomwe ali nazo kale, makina, dzina ndi anthu omusoketsa, n'zokwana 30, ndiye zonse pamodzi ndi 100, ndipo 15 yanu igula 15 pa 100. Kunena mosabisa, ngongole ya amalume sitinayenera kuiwerengera mu mtengo wa bizinesi chifukwa ndi yobweza, koma pachibale tisafike poboola pepala ndi cholembera.

Achimwene: Inu alamu mwakwatira mlongo wanga kapena mwakwatira Mzime?

Alamu: Ndikuteteza ndalama yanu yomwe. Munthu wosoka usiku akudziwa kuti gawo lalikulu likupita kwa wina amafooka.

Achimwene: Chabwino, 15. Koma phindulo tiliwerengera bwanji? Sindikufuna kudzamva kuti palibe phindu pomwe munthu wagula foni yatsopano.

Alamu: Mzime adziikire malipiro a pamwezi omwe tonse tikuwadziwa, alembedwe. Foni azigula pamenepo. Pakutha pa chaka tichotse lendi, nsalu, magetsi, msonkho, malipiro ake ndi zobweza ngongole. Chotsalacho ndiye phindu. Ndipo si lonse logawana, lina lizitsala kuti ligule makina aja tawasiya.

Mzime: Ndiwonjezepo chimodzi. Pakatha zaka zitatu ndikhale ndi ufulu wogula gawo la achimwene, pamtengo womwe alamu adzawerengere potengera mabuku. Komanso za mitengo ya kusoka ndi woti ndimulembe ntchito ndiziganiza ndekha.

Achimwene: Ukundithamangitsa ndisanalowe n'komwe.

Amalume: Walira mvula walira matope. Wafuna gawo, landira ndi malamulo ake.

Achimwene: Ndavomera. Koma mabuku ndiziwaona mwezi uliwonse.

Amayi: Azionetsa tonse pano, tsiku loyamba la mwezi. Zolowa, zotuluka, zotsala. Mizere itatu basi, ine zambiri sindiwerenga.

Msuweni: Ine ndalama ndilibe. Ndimutsegulira tsamba pa Facebook, ndizijambula zovala, ndipo January ikakwana tidzalembera limodzi za Elumelu zija.

Achimwene: Tili pa 35. Yatsala 5.

Amalume: Azakhali mwangoti zii.

Azakhali: Ndikuganiza. Ine 5, koma sindikudziwa kuti ndiitche chiyani.

Amayi: Ndiye musapereke kaye mpaka mutadziwa.

Azakhali: Ngongole. Andibwezere limodzi ndi amalume ake. Ndipo zovala zanga azindisokerabe monga kale.

Achimwene: Monga kale kutanthauza kwaulere? Tsopano 15 pa 100 ya ulusi umenewo ndi wanga.

Azakhali: Iwe ndinakubereka kumsana ine.

Mzime: Azakhali, diresi limodzi pa chaka ndidzakusokerani ndi ndalama ya malipiro anga. Enawo mudzalipira, ndipo aliyense m'gulu lino chimodzimodzi.

Azakhali: Awiri.

Mzime: Limodzi ndi kachigamba pomwe pang'ambika.

Alamu: Ndilemba pangano usiku uno, tsamba limodzi. Mayina, zomwe aliyense wapereka ndi mtundu wake, masiku obweza, ndi zomwe zidzachitike bizinesi ikatsekedwa: makina agulitsidwe, ngongole za amalume ndi azakhali zibwezedwe poyamba, chotsala agawane Mzime ndi achimwene. Ndalama isapite pafoni ya Mzime. Atsegule akaunti ya bizinesi payokha, ndi yomwe idzampatse mbiri ikadzafika nthawi yopita kubanki.

Mzime: Ndikatsegula Lolemba. Palibe atumize kanthu ndisanakupatseni nambala yake.

Amalume: Tisainirana Loweruka madzulo kwa alongo anga. Amene ali kutali asaine n'kutumiza chithunzi. Alongo, inu mukhala mboni poti simunaikepo ndalama.

Amayi: Ndaikapo balaza langa zaka zinayi, ulusi mpaka m'mipando. Makinawo achoka liti?

Mzime: Lendi ikangolipidwa amayi.