Alipo anadumphapo mu ndege ndi parachuti kuno ku Harare? Amalume akuti si zathu

Naphiri_Mufakose

Moni nonse. Funso langa mwina ena museka nalo koma ndikufunsa ndi mtima wonse. Alipo pano amene anadumphapo mu ndege ndi parachuti, osati za usilikali ayi koma zamasewera chabe? Mnzanga wa kuntchito anapita ku Victoria Falls anakadumpha atamumangirira kwa mphunzitsi, wandionetsa vidiyo yake ndipo chionereni mtima sukukhala m'malo, ndayamba kale kusunga kangachepe mwezi ndi mwezi. Vuto ndi amalume anga. Nditangotchula kunyumba anayaka moto, akuti amenewo ndi masewera a asilikali a Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia uja, akuti zogwa kumwamba zimenezo zinamaliza anthu ku Chimoio ndiye ine mwana wa mlongo wawo ndikapereke madola kuti ndikachite zomwezo? Amayi nawonso akuti ndalamayo bola nditumize ku Dedza akakhomere agogo malata. Ndiye tandiuzani, n'zoopsa bwanji kwenikweni, komanso amalumewa akunena zoona kuti si zathu?

MadalaMbewe

Mwanawanga Naphiri, wandikumbutsa kutali. Ine ndinakulira ku Mount Hampden, bambo anga ankaotcha njerwa komweko, ndipo bwalo la ndege la Charles Prince linali pafupi moti Loweruka lililonse tinkangoona timadontho takuda tikutuluka mu ndege kenako phwaa maparachuti atseguka. Ana tonse tinkathamangira komwe agwere. Chakumapeto kwa ma 80 ndinayamba kuwathandiza kunyamula katundu, kenako mkulu wina anandiphunzitsa kupinda, ndiye inakhala ntchito yanga ya kumapeto kwa sabata kwa zaka zambiri ndithu.

Kupinda parachuti si kupinda bulangete ayi. Umayamba ndi zingwe, kuziyenda ndi zala kuchokera pamapewa mpaka kukafika kunsalu kuti uone ngati palibe yapiringizana ndi inzake. Nsalu ija umaiyala chipindachipinda, kuifinya mpweya wonse utuluke, umachita kuigonera ndi chifuwa chifukwa ikakhala yatsopano imaterera koopsa, kenako kuilowetsa m'kathumba. Zingwe zija umazipinda n'kumazimanga ndi timalabala, kuti potseguka zizimasuka motsatana osati zonse kamodzi. Labala mmodzi akakhala wotha umasintha pompo, sumanena kuti apirira ulendo umodzi. Zala zinkachita kusupuka ndi kachingwe kokokera potseka. Yachiwiri ija, yosungira pangozi, ife sitinkaikhudza. Imeneyo amapinda ndi munthu wa chiphaso chake, amamangapo kaulusi kofiira ndi kachidindo kamtovu n'kusaina pakakhadi.

Kudumpha ndinadumphanso. Nthawi imeneyo wophunzira ankayamba ndi chingwe chomangirira ku ndege, amakutsitsa pa mafiti pafupifupi 3,500, chingwecho ndiye chimakutsegulira. Kandege kake ka Cessna, mipando anachotsamo, mumakhala pansi mothithikana. Chitseko chikatseguka mphepo yake sumva ngakhale mawu ako omwe. Umaponda kachitsulo pamwamba pa tayala, kugwira mtanda wa phiko ndi manja awiri, mphunzitsi akakuwa umangosiya basi. Chomwe sindidzaiwala ndi bata lomwe limabwera ikangotseguka, injini yapita, ukumva mpaka agalu akuuwa m'mapulazi pansi. Koma potera samala, Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka ndiye umafika pansi ndi liwiro makamaka kukatentha mu Okutobala. Akakolo a anthu ankathyokera pamenepo, osati kumwamba.

Ya mnzakoyo ndi yosavuta, zonse amachita ndi mphunzitsi. Mumatuluka pa mafiti 10,000 kapena kuposerapo, mumagwa masekondi 30 kapena kuposa pang'ono pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, iye n'kutsegula. Za amalume ako ndiyankha ndikadya nsima.

Chatsalira_Mbare

Madala mwalongosola bwino koma mwangodutsa pamwamba pa nkhani yeniyeni. Inu munkapinda, ankadumpha ndi ndani? Pa anthu khumi okwera ndege ija akuda analipo angati? Amalume a mlongo wathuyu sakulota ayi. Pa 23 November 1977 asilikali a Rhodesia anatsika ndi maparachuti kuchokera mu ndege za Dakota pa kampu ya omenyera ufulu a ZANLA ku Chimoio ku Mozambique, anafa anthu oposa 1,000, ena amayi ndi ana. Asilikaliwo ankaphunzirira pomwe pano ku bwalo la ndege zankhondo la New Sarum, komwe lero timati Manyame. Nkhondo itatha ena mwa anyamata omwewo ndi amene anadzaza timakalabu timeneti Loweruka, ndikunama madala?

Ndipo ine changa si parachuti kwenikweni. Makolo athu anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito lija, ena wapansi kudzera ku Tete, analima fodya, anakumba migodi, anaotcha njerwa zomwe zinamanga tauni ino. Zosangalatsa zonse zinali za eni mapulazi, ife kwathu kunali kuwatchetchera kapinga. Itafika 2000 mapulazi analandidwa, mzungu anakwera ndege wa ku Perth, wantchito wa ku Malawi anatsala pamsewu ndi mphika. Mu 2001 lamulo la unzika linasintha, tinadzuka tili alendo m'dziko lomwe tinabadwiramo, chitupa chili ndi A kutanthauza mlendo, pa chisankho cha 2002 ambiri anabwezedwa pamzere. Kuno ku Mbare tinanenedwa kuti ndife opanda mutupo, kapena kuti mfunda. 2005 Murambatsvina anagwetsa timanyumba tathu. Zinatengera malamulo atsopano a 2013 kuti obadwira kuno atengedwenso ngati nzika, ndipo mpaka lero pali agogo opanda pepala lililonse. Ndiye mwana woyamba m'banja kupeza kantchito, ndalama yake yoyamba akaitayire mumlengalenga masekondi 30? Ine ayi. Malata a ku Dedza akhala zaka 30.

MaiATadala

Kkkkk a Chatsalira inu mowa womwe mumamwa pa chaka ndi malata angati? Musiyeni mwana. Ife akazi tikafuna chinthu chathu nthawi zonse pamapezeka agogo ofuna malata, akakhala mnyamata wagula wailesi yagalimoto palibe amayankhula. Ine sindingakwere olo mutandilipira, chikepe cha pa Eastgate chomwe ndimatseka maso. Koma madala ndifunse nawo, ndege ija inagwa ku Chikangawa ndi a Chilima, pakanakhala maparachuti sakanapulumuka? Funso limeneli limandivuta chichitikireni.

Yamikani_UZ

Pa za ngozi, bungwe la odumpha ndi parachuti la USPA la ku America linati mu 2023 anafa anthu 10 pa kudumpha kopitirira 3.6 miliyoni. Yerekezani ndi kombi ya pa Seke Road madzulo a Lachisanu. Komanso zida zinasintha, kuyambira 1991 kuli kamakina kotchedwa Cypres komwe kamayeza kutalika ndi liwiro, munthu akakomoka kapena kuiwala kamadula kachingwe yachiwiri ija n'kutseguka yokha. Ine ndinayamba kuzikonda izi nditaona Felix Baumgartner akudumpha kuchokera pa makilomita 39 mu 2012. Ndale zake za munthuyo zinali zonyansa kwa ine, ankanyoza othawa kwawo, koma kudumpha kuja ndimakuonerabe. Mwina yankho kwa amalume lili pomwepo achemwali.

MadalaMbewe

Ndabwera. Mayi a Tadala, ayi, sizikanathandiza. Ndege ija ya pa 10 June 2024 inali m'chifunga, pafupi ndi mapiri. Parachuti imafuna mtunda, imafuna munthu ataivala kale ndipo akudziwa kuti atuluka. Ngozi zotero zimabwera anthu asanadziwe n'komwe. Mizimu yawo iuse.

Tsopano a Chatsalira. Simukunama, ena mwa amene ndinkawapindira anali asilikali akale, ndipo akaledzera nkhani za kuthengo zinkatuluka, ife tili pakhonde tikumva. Akuda odumpha tinali owerengeka, ndipo ambiri mwa ife ndi ulendo wopatsidwa m'malo mwa malipiro kapena pakakhala mpata wotsala. Zimenezo sindibisa. Koma muwauzenso amalume aja kuti pa nkhondo ija m'ma Dakota munkakweranso asilikali akuda a gulu la Rhodesian African Rifles, ndipo ufulu utabwera asilikali a Zimbabwe sanataye maparachuti, ali nawo ku kampu ya Inkomo mpaka lero. Kwathu komwe gulu la asilikali a parachuti lili ku Salima. Mfuti ndi imene inapha ku Chimoio, ndi amene anatuma.

Chomwe ine ndinaona ndi ichi. Mzungu yemwe sakanandilola kukhala pampando wa m'nyumba mwake ankandipatsa parachuti yake, ine n'kupinda, iye n'kubereka osayang'anamo n'komwe, n'kukatuluka nayo pa mafiti 10,000. Panali mkulu wina wa pulazi ya fodya, wamwano kwabasi, koma ankakana kuti wina aliyense amupindire kupatula ine, ndikadwala iye sadumpha. Mu ndege ankandiyang'ana malamba anga ndi manja ake, kukoka apa kukoka apo, chifukwa lamulo lake ndi lakuti aliyense amayang'ana mnzake. Tikatera iye wa kubala, ine wa kumanjerwa wapansi. Mu 2000 pulazi yake inapita, anagulitsa zida zake n'kuchoka osatsanzika. Chaka chotsatira boma la anthu akuda anzanga linandiuza kuti ndine mlendo. Ndiye mukandifunsa kuti mbali yanga ndi iti ndimasowa chonena, onsewa ankandifuna pamene manja anga akugwira ntchito.

Mikangano ya ndale inalipo kumeneko, musaganize kuti yayamba ndi mafoni. Nthawi ya referendamu ya February 2000 anthu anatsala pang'ono kumenyana pa udzu pomwe timapindira, wina wa Inde wina wa Ayi, woyendetsa ndege anachita kukuwa kuti amene akufuna ndale atsale pansi. Onse anakwera, phee. Kenako mafuta a ndege anayamba kusowa, anthu anabalalika wina Joni wina Australia, pofika 2008 ndalama yomwe unkalandira m'mawa madzulo sigula ndi buledi yemwe, ine ndinasiya ndinayamba za mapaipi. Lero ndikapita ku Mount Hampden ndimaona nyumba ya malamulo yatsopano ija anamanga Matchaina ili paphiri, ndipo anzanga a kumanjerwa akhala akuuzidwa kuti adzasamuka chifukwa kukubwera mzinda watsopano. Kusamukira kuti, poti ena kwawo ku Ntcheu anakuona komaliza ali pamsana.

Ndiye iwe Naphiri, ine ndikuti pita. Ukalipira ndi ndalama yako, ukakhala kutsogolo, wina akakupindira. Bambo anga sakanakhulupirira zimenezo. Malata ugule mwezi winawo.

Chatsalira_Mbare

Madala ndakumvani ndipo ulemu wanu. Koma taonani nkhani yanu yomwe, mwapinda zaka zonsezo penshoni ili kuti? Mlongo wathuyu akalipira madola mazanamazana, wopinda wa lero alandirapo zingati? Zasintha nkhope chabe. Ndipo mayi a Tadala mowa ndinasiya chaka chatha, funsani ku mpingo.

Naphiri_Mufakose

Zikomo nonse, agogo Mbewe makamaka, ndawawerengera amalume zomwe mwalemba. Sanavomere ayi koma anakhala chete nthawi yaitali, kenako akuti bambo anu ankaotcha njerwa kampani iti chifukwa mwina ankadziwana ndi agogo anga aamuna. Amayi akadali pa malata. Ndifunsenso, ndimavala magalasi ndipo ndine wonenepako pang'ono, amalola? Nanga ndikafika ndiyang'ane chani kuti ndidziwe kuti malowo ndi abwino?

MadalaMbewe

Magalasi si vuto, amakupatsa zotchinga maso zovala pamwamba pake. Kulemera amakuyeza pa sikelo, malo aliwonse ali ndi malire awo ndiye imba foni ufunse usanalipire basi yopita ku Falls. Ukafika pempha akuonetse kakhadi ka parachuti yachiwiri, uone deti lomwe inapindidwa komaliza, isapitirire miyezi sikisi, ndipo ufunse ngati kamakina kaja wanena Yamikani kayatsidwa. Akakwiya ndi mafunso amenewo tenga chikwama chako uzipita. Idya pang'ono m'mawa, osapita ndi njala komanso osakhuta, nsapato zikhale zomanga zingwe. Potera kweza miyendo m'mwamba mphunzitsi ayambe ndiye kuponda. Wopinda uja umupatseko kenakake m'manja mwake, osati kudzera ku ofesi. Amalume ako auze andipeze ku inbox, za kumanjerwa tikambirana konko.