Galimoto ikulephera pamtunda, kodi ndi catalytic converter?

Funso: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Galimoto yakale ya petulo ikulira bwinobwino ikaima, koma pamtunda sikukoka. Ndikaponda moto injini imangobuula, liwiro osakwera. Mapulagi ndi fyuluta ya petulo ndasintha kale. Ndingatsimikize bwanji kuti converter (kabokosi koyeretsa utsi ka pa ekizozi) yatsekeka ndisanagule ina?

Yankho: Achimwene, musagule kaye. Injini itazizira, masulani oxygen sensor (sensa yoyeza oxygen mu utsi) ya kutsogolo kwa converter, nthawi zambiri ndi sipanala ya 22. Yendetsani pang'ono bowolo lili lotsegula. Phokoso lichuluka, koma mphamvu ikabwerera ndiye kuti utsi ukusowa potulukira. Musapite patali, utsi wotenthawo umapsereza mawaya.

Yankho: Zoona, koma geji ndiye imanena mosapita m'mbali. Pabowo lomwelo mangani geji ya presha. Injini ikamalira galimoto itaima presha isapitirire 1.5 psi, pa 2,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) isapitirire 3 psi. Ngati muli ndi vacuum gauge (geji yoyeza mmene injini ikukokera mpweya) yokha, ilumikizeni ku intake manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu injini). Injini yabwino imaonetsa pakati pa 17 ndi 21 inHg pa gejiyo ikamalira galimoto itaima. Kwezani moto kufika 2,500 rpm n'kugwira pomwepo: muvi ukamatsika pang'onopang'ono osabwerera, ekizozi yatsekeka. Presha ikakwera, masulani paipi kuseri kwa converter muyezenso, chifukwa nthawi zina zidutswa zimathothoka n'kukatseka sailensa.

Wofunsa: Makina opimira galimoto anaonetsa nambala ya vuto P0420. Si umboni wokwanira umenewo?

Yankho: Ayi bambo. P0420 imangonena kuti converter sikuyeretsa utsi mokwanira, osati kuti yatsekeka. Sensa yotopa kapena ekizozi yobooka imabweretsanso nambala yomweyo. Yezaninso pampu ya petulo, ikafooka zizindikiro zake zimafanana.

Yankho: Ndiwonjezereko. Converter kawirikawiri siifa yokha, imaphedwa. M'kati mwake muli timabowo tangati chisa cha njuchi. Koilo kapena injekita ikavuta, petulo wosapsa amakayakira m'menemo mpaka timabowoto kusungunuka, n'chifukwa chake ina imachita kufiira usiku. Oilo wa injini yotha maring'i ndi madzi odutsa pa gasiketi zimamatanso timabowoto. Mukapanda kukonza gwero, yatsopanoyo ifanso chimodzimodzi. Mankhwala othira m'thanki aja sangabwezeretse chosungunuka. Converter itazizira, igogodeni ndi hamala ya labala: ikamalira gobedegobede, yasweka m'kati.