Ndani akudziwa bwino tauni ya Dedza?

Nabanda: Akuluakulu, tithandizeni. Banja likuganiza zosamukira pa Dedza boma, ana atatu onse a pasukulu. Kodi tauniyi ndi yaikulu bwanji, sukulu zilipo ziti, nanga alendo akabwera tingakawaonetse chiyani?

aNgozo: Mayi, choyamba musasokoneze tauni ndi boma lonse. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 30,928 m'tauni, pamene boma lonse lili ndi anthu oposa 830,000. Mu 2008 tauniyi idali ndi anthu 20,241 okha, ndiye mukuona mmene ikukulira. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, koma M1 sulowa pakati pa tauni. Mukakwera basi ya ku Blantyre, uzani kondakitala kuti mukupita pa boma penipeni, apo ayi akusiyani kumsewu ndi katundu wanu, muyambe kusaka kabaza.

Chinanso, kumazizira. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lofika mamita 2,198. June ndi July chifunga chimakuta mpaka dzuwa litakwera. Majuzi a ana ndi mabulangete okhuthala gulirani padakali pano.

aPhiri a ku Linthipe: Za sukulu ndionjezereko. Sekondale ya Dedza Government, imene akale amangoti Box 48, ndi ya anyamana ogonera pomwepo, idatsegulidwa mu 1951. Musaganize kuti kukhala pafupi ndiye mwana walowa, ayi. Amasankha ana a dziko lonse potengera mmene akhozera mayeso a Sitandade 8. Umbwi ndiyo sekondale ina ya boma ya m'taunimo. Sekondale ya Mtendere ya abulazala achikatolika a Marist ndi seminale ya St Kizito zili kunja kwa tauni, ndipo koleji ya aphunzitsi ya St Joseph ili ku Bembeke. Ofuna za nkhalango ndi nyama zakutchire koleji yawo ili ku Chongoni. Wa pulayimale musanyamuke naye popanda kalata ya transifa yochokera kwa ahedi, ambiri amaiwala n'kukabwezedwa.

Nachisale: Alendo ambiri amathera pa Dedza Pottery, kugula makapu ndi mbale zadothi. Sindikunyoza, koma chenicheni chili ku Chongoni: zojambula za m'mapanga pa malo 127, zomwe UNESCO idazilemba m'kaundula wake mu 2006. Zofiira adajambula Akafula, zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Poyambira pabwino ndi ku Chencherere kapena ku Mphunzi, koma tengani munthu wodziwa njira, ndipo nthawi yadzinja galimoto yotsika imatitimira m'matope.

Ku Mua, komwe kuli mishoni ya 1902 ndi malo oonetserako za chikhalidwe ndi zaluso a Kungoni, ndi boma lomweli koma kuchigwa. Mumatsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, onetsetsani mabuleki.

aNgozo: Ndinaiwala msika. Kachewere, kabichi ndi tomato n'zosasowa, pa Bembeke ndi pa Chimbiya amagulitsa pa ndowa. Muzikhuthulitsa ndowayo musanalipire, zikuluzikulu amaziika pamwamba pokha.