Ndithandizeni nzeru pa nkhani ya SR-22 kuno ku Texas

Abale anga amene muli kuno ku America, makamaka inu a ku Texas, ndithandizeni nzeru. Laisensi yanga anaiimitsa nditapezeka kachiwiri ndikuyendetsa galimoto yopanda inshuwalansi. Ndinalakwa ndine, ntchito inali itatha ndipo ndalama yolipira mwezi ndi mwezi inandisowa.

Kalata ya DPS, nthambi ya boma la Texas yoona za malaisensi, ikuti kuti laisensi ibwerere ndilipire $100, ndiponso kampani ya inshuwalansi itumize SR-22. Poyamba ndinkayesa kuti SR-22 ndi mtundu wina wa inshuwalansi, koma ndi chikalata chabe chomwe kampani imatumiza ku boma kutsimikiza kuti ndili ndi inshuwalansi yokwanira pa lamulo, ija ya 30/60/25 (manambala osonyeza ndalama zochepetsetsa zimene inshuwalansi iyenera kukwanitsa kulipira pa ngozi). Chiyenera kukhalapo zaka 2 osadukiza. Ndikangophonya kulipira, kampani imauza boma, laisensi n'kuimitsidwanso, ndipo apa ndiye pamene pakundisowetsa tulo.

Galimoto ndinagulitsa mwezi watha, panopa ndimadalira ya mlamu wanga. Kodi inshuwalansi ya munthu wopanda galimoto ingandikwanire pa SR-22, poti ine ndi mlamuyo tikukhala nyumba imodzi? Kapena ndingolembedwa pa inshuwalansi yake? Sindikufuna kumukwezera mtengo, wandisunga kale mokwanira.

Chinanso, ndikuganiza zosamukira ku Indiana chaka chamawa, kuli ntchito yosamalira okalamba yofuna kuyendetsa galimoto tsiku lililonse. Amene munasamukapo muli pa SR-22, munatani kuti ya ku Texas isaduke? Ndipo mtengo unakutsikirani patapita nthawi yaitali bwanji?