Kuthandiza munthu amene wakomoka: zomwe timaonera pa TV n'zoona?

Nangozo:
Abale, funso langa likupita kwa inu amene munaphunzira za chithandizo choyamba. M'masewero a zachipatala pa TV timaona munthu wagwa, wina amusindikiza pachifuwa kangapo, wokomoka uja n'kutsokomola n'kudzuka. Pena amabwera ndi makina amagetsi aja, mzere wa pasikirini wosonyeza kugunda kwa mtima utawongoka, akamugunda nawo mtima n'kuyambanso. Ambirife sitinapiteko kumaphunziro alionse, zomwe tikudziwa n'zomwezi. Ndi ziti zoyenera kutengera, ndipo ndi ziti zomwe zingamupweteke wodwalayo?

Bambo a Tadala:
Achemwali, chabwino chomwe TV yatiphunzitsa n'chakuti mtima ukaima, munthu wamba ali nacho chochita ndi manja ake. Koma kasindikizidwe kake amakaonetsa molakwika, ndipo chifukwa n'chomveka: wagona pansiyo ndi munthu wabwinobwino, mnzake sangamupsinje mwamphamvu kuopa kumuthyola nthiti. N'chifukwa chake mumaona zigongono zopindika, manja akungosisita.

CPR yeniyeni, kutanthauza kusindikiza pachifuwa ndi kuuzira mpweya munthu amene mtima wake waima, imayenda chonchi. Mugwedezeni mapewa uku mukumuitana mokweza. Akapanda kuyankha, yang'anani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika, osapitirira masekondi 10. Apa ndi pomwe ambiri amanyengeka: munthu amene mtima wake wangoima kumene amatha kukoka mpweya kamodzikamodzi, mobanika, ngati mkonono. Kumeneko si kupuma. Ngati sakupuma kapena akungokoka mpweya chonchi, yambani CPR basi, ndipo lozani munthu mmodzi ndi chala kuti akaitane thandizo kapena akapeze galimoto, chifukwa mukangofuula kuti "wina athandize" aliyense amayembekezera mnzake.

Mugoneke chagada pamalo olimba. Pamatiresi si pabwino, mphamvu yanu ina imathera m'matiresimo m'malo mofika pamtima. Ikani kumunsi kwa chikhatho pafupa la pakati pa chifuwa, dzanja linalo pamwamba pake, zigongono zowongoka, mapewa anu ali pamwamba penipeni pa manjawo. Chifuwa cha munthu wamkulu chilowe masentimita 5 mpaka 6, ndipo musindikize ka 100 mpaka ka 120 pamphindi, kutanthauza pafupifupi kawiri pasekondi. Mukasindikiza, chilekeni chifuwa chibwerere chonse, pakuti pobwererapo ndi pomwe mtima umadzadzanso magazi. Mukatsamira osachimasula, mukufinya mtima wopanda kanthu.

Ngati munaphunzira kuuzira mpweya, sindikizani ka 30 n'kuuzira kawiri, mutapendeketsa mutu chammbuyo, kukweza chibwano ndi kutsina mphuno. Ngati simunaphunzire, ingosindikizani osalekeza. Nthiti ikathyoka musaime, nthiti imapola. Sinthanani ndi mnzanu pakatha mphindi 2 zilizonse, chifukwa manja amafooka mwini wake asanazindikire.

Ndipo musadikire kuti adzuke monga pa TV. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1996 mu New England Journal of Medicine anapeza kuti m'mapulogalamu a pa TV a ku America omwe anawaunika, anthu 75 pa 100 alionse opatsidwa CPR ankatsitsimuka. M'moyo weniweni, ngakhale kumayiko komwe ambulansi zimafika msanga, opulumuka mtima utaimira kunja kwa chipatala ndi pafupifupi mmodzi pa 10. Ntchito ya manja anu ndi kuyendetsa magazi kuti ubongo usafe, chifukwa umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi zochepa wopanda mpweya. Kusiya patatha mphindi imodzi poti "sizikuthandiza" ndiko kumapha.

Mlongoti:
Ndiwonjezere za makina aja, defibrillator. Mzere ukawongoka ndiye kuti mumtima mulibe mphamvu yamagetsi yoti n'kuikonza, ndipo makinawa sagwira ntchito pamenepo. Amathandiza pomwe mtima ukungonjenjemera mosalongosoka osapopa magazi. Magetsi amaimitsa kunjenjemerako kwakanthawi kuti mtima uyambirenso kugunda mwadongosolo. Amtundu wa AED amayeza okha n'kulankhula zoti muchite, ndipo sangagunde munthu wosafunika kugundidwa. Inu mungomata timapepala take pachifuwa chouma, kamodzi kumunsi kwa phewa lamanja, kena m'nthiti zakumanzere, n'kuonetsetsa kuti palibe akumukhudza wodwalayo.

Za womira m'madzi nazonso amazikometsera. Womira sakuwa kapena kukupiza manja, kamwa yake imangotuluka ndi kumira, ilibe mpata wofuula. Mukamuvuula musataye nthawi n'kumufinya mimba kuti madzi atuluke, mungomusanzitsa, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Iye vuto lake ndi kusowa mpweya, choncho kuuzira mpweya n'kofunika kwambiri: yambani ndi kuuzira, kenako 30 ndi 2 uja.

Mai Nachisale:
Ine chondiwawa ndi khunyu, chifukwa apa za pa TV zimagwirizana ndi zomwe anthu amakhulupirira kale kumudzi. Musamuike supuni, kamtengo kapena chala mkamwa. Munthu sangameze lilime lake, koma supuniyo ingathyole mano, dzino n'kumutsamwitsa. Musamupanikize kuti asiye kugwedezeka, ndipo musamumwetse madzi. Chotsani zomwe zingamuvulaze, muikireni nsalu yopinda kumutu, ndipo yang'anani wotchi. Kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali kuti malovu azituluka. Kukapitirira mphindi 5, kukabwereza asanatsitsimuke, kapena ngati n'koyamba, kapena ali woyembekezera, thamangirani kuchipatala. Ndipo chonde, khunyu si lopatsirana. Wagwera pamoto mukokeni msanga, malovu ake sangakupatseni matenda.

Akapsa, thirirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, muvule mphete ndi zibangili pasanatupe, muphimbe ndi nsalu yoyera yopanda ubweya. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, zonsezo zimasunga kutentha ndi kubweretsa tizilombo, komanso achipatala amayamba n'kuzichotsa pabala lowawa kale. Matuza musaboole.

Njoka nayo: zocheka pabala, kuyamwa ululu ndi kumanga chingwe mothina zisiyeni m'mafilimu momwemo. Kuyamwa sikutulutsa kanthu, ndipo ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuwononga mnofu, ndiye mukamanga mothina mwendo ungathe kudulidwa. Mukhazikeni mtima pansi wolumidwayo, mwendo usagwedezeke, mumunyamule m'malo moti ayende yekha, ndipo musataye nthawi kusakasaka njokayo.

Nangozo:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga wobayidwa ndi mpeni? Pa TV amauzula nthawi yomweyo. Komanso zonsezi munthu angakaziphunzire kuti ndi manja?

Bambo a Tadala:
Musauzule. Mpeniwo ukutseka mitsempha yomwe wadula, mukauchotsa magazi amatuluka mosaletseka, mwinanso kukhuthukira mkati momwe simukuona. Pindani nsalu ziwiri, muike uku ndi uku kwa mpeniwo, mumange kuti usagwedezeke, ndipo mupsinje m'mbali mwake, osati pamwamba pake. Ngati mpeni watuluka kale, psinjani pabalapo mwamphamvu ndi nsalu yoyera. Ikanyowa musaichotse, onjezani ina pamwamba, chifukwa mukaimatula mumachotsa magazi omwe anayamba kuundana. Mufunditseni kuti asazizidwe, ndipo musamupatse chakudya kapena chakumwa poti mwina akufunika opaleshoni.

Za maphunziro, funsani ku Malawi Red Cross Society kapena ku St John Ambulance, onsewa amaphunzitsa chithandizo choyamba. Mukapita, limbikirani kuyeserera pachidole chophunzirira CPR mpaka mikono itope, chifukwa masentimita 5 pachifuwa amafuna mphamvu yoposa yomwe maso amayerekeza.