Seva ndi kompyuta ya pabalaza m'bokosi limodzi: zatheka

Abale, ndinafunsa ngati kompyuta imodzi ingasunge mafilimu a banja lonse n'kumaonetsanso pa TV ya pabalaza. Zatheka ndithu.

Ndinagula kakompyuta ka Intel N100, n'kuikamo mapulogalamu atatu: Ubuntu yoyendetsa kompyuta yonse, Jellyfin ngati seva (yotumiza mafilimu ku mafoni ndi zipangizo zina za m'nyumba), ndi Kodi yoonetsera pa TV. Amene munandilangiza kuti ndiyatse hardware transcoding mu Jellyfin (kuti ntchito yosintha vidiyo izigwiridwa ndi mbali yapadera ya purosesa), zikomo kwambiri. Mbali imeneyi, yomwe Intel imaitcha Quick Sync, ndiyo yasenza mtolo wonse: ana akamaonera pa foni kuchipinda, kakompyutako kamachepetsa vidiyo ya 4K kuti ikwane pa foniyo, ife pabalaza filimu ikungoyenda osadukiza. Ndisanayatse, purosesa inkafika 100%, chithunzi n'kumaima.

Chomwe chinandisowetsa mtendere ndi phokoso. Hard drive yaikulu imang'ung'udza, ndipo filimu ikafika pachete mumaimva bwinobwino. Ndaibisa m'kabati, pansi pake ndayalapo labala, kumbuyo ndasiya potulukira kutentha.

Rimoti ya TV sinkalamulira Kodi chifukwa kakompyutaka kalibe HDMI-CEC (njira yomwe rimoti ya TV imalamulira nayo zipangizo zolumikizidwa pa chingwe cha HDMI), ndiye ndawonjezera adaputala ya USB ya Pulse-Eight. Mu BIOS (momwe mumakonzedwa mayakidwe a kompyuta) ndasankhanso kuti magetsi akabwera kaziyaka kokha, poti seva ikazima nyumba yonse imakhala yopanda choonera.