Kodi Lawrence Durrell tingamutche bwenzi la Agiriki?

Nangozo:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere sabata yonseyi, ndipo ndikufuna kumva kwa inu amene munawerengapo mabuku a Lawrence Durrell.

Ine munthuyu ndinamudziwira m'buku la Prospero's Cell. Linali la malemu bambo anga, chikuto chake chomata ndi tepi, ndipo ndinaliwerenga ndili ndi zaka 19 nditagona pa mphasa ndi matenda. Durrell anafika pa chilumba cha Corfu ku Greece mu 1935 ali ndi zaka 23, iye ndi mkazi wake Nancy, atatopa ndi moyo wa ku England. Anakakhala ku Kalami, m'nyumba yoyera ya msodzi imene madzi a nyanja amachita kuinyambita. Mpaka lero ndimakumbukira mmene anafotokozera anthu akutola azitona, thupi la woyera Spyridon likuyendetsedwa m'misewu ya m'tauni, ndi sewero la zithunzithunzi la Karaghiozis limene limaseketsa ana ndi agogo omwe. Nditatseka bukulo ndinati mumtima, palibe mlendo anakondapo Greece kuposa ameneyu.

Mwezi uno ndi pamene ndawerenga Bitter Lemons, la 1957, lonena za zaka zake ku Cyprus. Koyambirira kwake ndi Durrell yemwe uja. Akugula nyumba m'mudzi wa Bellapais, akunenerera mtengo, akumwa vinyo ndi anansi pansi pa mtengo umene amati aliyense wokhala pamthunzi pake amagwidwa ulesi. Ndinkawerenga ndikumwetulira. Koma pakati pa bukulo mtima wanga unagwa. Mu 1954 munthu yemweyu analowa ntchito ya boma la atsamunda, n'kukhala mkulu wa nthambi yofalitsa nkhani, pa nthawi imene Agiriki a pachilumbacho ankafuula kuti Angerezi achoke, Cyprus iphatikane ndi Greece. Ana amene ankawaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ya Pancyprian Gymnasium ku Nicosia ndi omwewo ankaguba m'misewu. Iye anakakhala tsidya lina.

Tsono ndifunse: chikondi chija chinali chenicheni? Kapena ankakonda nyanja, kuwala kwa dzuwa ndi vinyo, eni dziko ali ngati maluwa okongoletsa pakhomo?

Bambo Chisale:

Mayi Nangozo, funso lanu ndi labwino, koma ndikupempheni kuti musamuweruze ndi zaka za ku Cyprus zokha. Munthu wongokonda dzuwa saphunzira chinenero cha eni ake. Durrell ankalankhula Chigiriki cha pamsika ndi cha m'ngalawa, ndipo anagwira ntchito imene alendo ambiri okonda Greece sanaigwire, yomasulira. Mu 1948 iye, Bernard Spencer ndi Nanos Valaoritis anatulutsa The King of Asine, ndakatulo za George Seferis m'Chingerezi, kudakali zaka 15 kuti Seferis alandire mphoto ya Nobel mu 1963. Mu 1954 anatulutsanso Pope Joan ya Emmanuel Royidis. Nthawi imeneyo Angerezi ophunzira ankadziwa Homer ndi Plato, koma ambiri ankaona ngati Agiriki amoyo alibe cholemba. Durrell anathandiza kusintha maganizo amenewo. Ndi iyenso anaitanira ku Greece mlembi wa ku America Henry Miller mu 1939, ulendo umene unabala The Colossus of Maroussi, buku la Miller lonena za Greece ndi mnzawo wa Chigiriki George Katsimbalis.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itafika sanathawe msanga. Anaphunzitsa ku Athens ndi ku Kalamata mpaka April 1941, pamene asilikali a Germany analowa, ndipo anatuluka pa bwato ndi mkazi ndi khanda kudzera ku Crete mpaka ku Egypt. Ana ake onse awiri anawapatsa mayina a Chigiriki, Penelope ndi Sappho. Ku Cyprus anafika mu 1953 ndi Sappho ali wa zaka pafupifupi ziwiri, amayi a mwanayo akudwala, ndalama zikutha pa nyumba ija. Ntchito ya boma inabwera munthu ali pa usiwa. Sindikuti anachita bwino. Ndikuti amene sanakhalepo ndi mwana wolira m'nyumba mopanda kanthu asafulumire kuloza chala.

Mlongoti:

Bambo Chisale, ndi ulemu wonse, usiwa sungafotokoze zonse. Uphunzitsi anali nawo kale. Ndipo aka sikanali koyamba kudya za boma la Britain pa nthaka ya Agiriki: ku Rhodes, kuyambira 1945 mpaka 1947, analinso wofalitsa nkhani wa ulamuliro wa asilikali a Britain. Kumeneko zinamuyendera chifukwa zilumbazo zinkapita kwa Greece, ndiye panalibe woti akangane naye. Ku Cyprus ndi kumene kunaoneka kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Tiyeni tiike masiku pamzere. Mu January 1950 tchalitchi cha Orthodox chinasonkhanitsa ma siginecha, ndipo oposa 95 mwa Agiriki 100 alionse oyenera kusaina anati akufuna enosis, kuphatikana ndi Greece. Mu July 1954 nduna ya atsamunda Henry Hopkinson inauza Nyumba ya Malamulo ku London kuti pali maiko ena amene asayembekeze ufulu wonse mpaka kalekale, ndipo aliyense anamva kuti ikunena Cyprus. Chaka chomwecho ndi chimene Durrell analowa ntchito. Pa 1 April 1955 gulu la Agiriki omenyera enosis lotchedwa EOKA, lotsogozedwa ndi Georgios Grivas, linaphulitsa mabomba oyamba. Mu March 1956 bwanamkubwa John Harding anathamangitsira Bishopu wamkulu Makarios ku Seychelles. Pa 10 May chaka chomwecho anyamata a EOKA Michalis Karaolis ndi Andreas Dimitriou ananyongedwa. Masiku onsewa kuyambira 1954 Durrell anali mu ofesi, ntchito yake kukometsa nkhope ya boma. Anachoka pachilumbacho mu August 1956.

Chimene chimandiwawa ine kwambiri ndi kalembedwe ka bukulo. Mgiriki wa m'mudzi amaoneka wabwino, wosangalatsa, wokonda Angerezi pansi pa mtima, koma wonyengedwa ndi ansembe ndi wailesi ya ku Athens. Ndiye kuti akaseka ndi munthu wamkulu, akafuna kudzilamulira ndi mwana wosocheretsedwa. Ku London bukuli linalandira mphoto ya Duff Cooper. Agiriki analiyankha ndi mabuku awo: Rodis Roufos analemba The Age of Bronze mu 1960, ndipo mlakatuli wa ku Cyprus Costas Montis analemba Kleistes Portes, kutanthauza zitseko zotseka, mu 1964. Nayenso Seferis amene mwamutchulayo anayendera Cyprus m'zaka zomwezo, n'kulemba ndakatulo zimene anazipereka kwa anthu a pachilumbacho, ndipo ubwenzi wake ndi Durrell unazirala. Ngati mnzake weniweni anakhumudwa, ife ndi ndani kuti timuyeretse?

Mwana wa Nabanda:

Ndiwonjezere pang'ono. Pachilumbacho panalinso anthu olankhula chinenero cha ku Turkey, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse, ndipo iwo enosis ankaiopa. Amene anathandiza Durrell kugula nyumba ija anali mmodzi wa iwo. Choncho kukana enosis sikunali kudana ndi aliyense wa ku Cyprus. Zimene zinachitika pambuyo pa ufulu wa 1960, mpaka chilumba kugawika mu 1974, zikuonetsa kuti nkhaniyi inali ndi nthambi zambiri. Bellapais lero ili kumpoto, mbali ya olankhula chinenero cha ku Turkey, ndipo Agiriki amene ankamwa naye khofi pansi pa mtengo uja anasamutsidwa.

Komanso musaiwale Alexandria. M'buku la Justine, limene analilemba ali ku Cyprus komweko, mzimu wa mzinda wonse ndi Constantine Cavafy, mlakatuli wa Chigiriki amene anamwalira mu 1933. Ine Cavafy ndinamudziwira kumapeto kwa bukulo, pamene Durrell anaika ndakatulo zake atazimasulira yekha. Ngongole imeneyo ndili nayo.

Nangozo:

Zikomo nonse, makamaka inu Bambo Chisale, pakuti za kumasulira zija zandibweza pang'ono pa mkwiyo wanga. Ndikuvomera kuti chikondicho sichinali chabodza. Munthu amene anabadwira ku Jalandhar ku India mu 1912, n'kutumizidwa ku England ali ndi zaka 11 kudziko limene sanalizolowere, anapeza ku Corfu malo oyamba amene mtima wake unakhala pansi. Zimenezo zimamveka m'mizere yake ndipo sizingapekedwe.

Koma usiku wathawu ndatenganso Prospero's Cell ya bambo anga ija, ndipo ndaiwerenga ndi maso amene a Mlongoti andipatsa. Ndinayamba kuyang'ana kuti amalankhula ndani. Zokambirana zakuya, za mbiri ndi za Shakespeare, zili pakamwa pa ophunzira anzake monga Theodore Stephanides, Zarian ndi Count D. Asodzi ndi amayi otola azitona amaoneka, amavina, amasenza mitsuko, koma maganizo awo pa za dziko lawo sitiwamva. Masiku olembedwa m'bukulo ndi a 1937 ndi 1938. Nthawi imeneyo Greece inali pansi pa ulamuliro wankhanza wa Ioannis Metaxas, amene anatenga mphamvu zonse mu August 1936, mabuku akuotchedwa, otsutsa akutumizidwa ku zilumba zakutali. Ine ndinamaliza bukulo ndili mtsikana osaganizira n'komwe kuti kunali zotere. Ndipo Corfu yeniyeniyo inalamulidwapo ndi Britain kuyambira 1815 mpaka 1864, n'chifukwa chake kumaseweredwa kiriketi mpaka lero. Mnyamata uja ankaganiza kuti wathawa England, koma anafikira pamalo pamene Mngerezi ankalandiridwa kale ngati bwana.

Ndiye pamene ndaima ine ndi apa: zimene zinachitika ku Cyprus sizinali ngozi. Mbewu yake inali kale ku Kalami. Anaphunzira chinenero cha Agiriki, anakonda ndakatulo zawo, anadya nawo m'mbale imodzi, koma sanazolowere kuwafunsa chimene akufuna. Tsiku limene ananena okha mokweza, iye anamva ngati anzake asintha.

A Mwana wa Nabanda, mfundo yanu ya anthu ena a pachilumba ndaimva ndipo ndi yoona, koma Durrell sanalowe ntchito ija kuti awateteze iwo. Analowa kuti alankhulire boma la London.

Buku la bambo anga sinditaya, ndalimatanso ndi tepi yatsopano m'mawa uno. A Mlongoti, ndapeza kuti la Montis linamasuliridwa m'Chingerezi ndi mutu wakuti Closed Doors, ndipo ndaliitanitsa. Likafika ndikufuna tiwerengere limodzi ndi Bitter Lemons, mutu ndi mutu, kuyambira usiku wa mabomba a pa 1 April uja. Bambo Chisale, inunso mudzakhalepo, chonde.